Amadzagoneranji Panja, Nyumba Ali Nazo?

Ndithandizeni inu odziwa zinthu. Munthu ali ndi nyumba yakeyake ku Pretoria kapena ku Johannesburg, ya njerwa zootcha, yamagetsi, madzi otentha akutuluka pampopi, bedi lili chiyalire kuchipinda. Likakwana Lachisanu akukhoma zitseko, kukweza mkazi, ana ndi katundu m'galimoto, kuyenda ola ndi theka pamsewu wa N4, kulipira pazipata za mumsewu, kudzalipiranso pageti pathu pano, zonsezi kuti adzagone pansi m'tenti, m'mphepete mwa damu, udzudzu ukulira kukhutu. Amafunanji? Sindikufunsa monyoza ayi. Anthuwa ndi aulemu, ambiri amandipatsa moni, ena mpaka kundigawira nyama. Koma funsoli likundisowetsa mtendere, ndipo akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Ine ndimagwira ntchito pamalo ena ogonapo alendo a matenti m'mbali mwa damu la Buffelspoort, kummwera chakum'mawa kwa tauni ya Rustenburg. Ndimatchetcha kapinga, kuwola phulusa pamene alendo aotchera nyama, kukolopa mabafa ndi kumanga nkhuni m'timitolo togulitsa pageti. Kwathu ndi ku Nkhotakota, kunyanja, ndipo madzi ndinawadziwa ndisanadziwe khomo la sukulu. Choncho musati akundidabwitsa ndi madzi. Akundidabwitsa ndi anthu.

Kwathu tenti ikaima pakhomo, wodutsa aliyense amatsika panjinga, poti ndiye kuti pagwa zovuta. Azibambo agona panja pamoto, azimayi ali m'siwa ndi nyimbo. Tenti ina ndi ya boma ndi mabungwe, ija imabwera madzi akasefukira ku Nsanje ndi ku Chikwawa, ija tinaiona ili mbwee pamabwalo a sukulu namondwe wa Freddy atawononga mu Malichi 2023, anthu oposa 600,000 atasowa pogona. Ngakhale asodzi athu amene amatsata usipa gombe ndi gombe namagona m'misasa ya udzu sachita zimenezo pofuna kusangalala. Mufunseni aliyense wa iwo, akuuzani kuti akusaka ndalama ya malata. Munthu wakwathu amakhetsa thukuta moyo wake wonse kuti achoke panja alowe m'nyumba. N'chifukwa chake Lachisanu langa loyamba pano, kutada, nditaona matenti atandandalika, moto ukuyaka pakhomo pa tenti iliyonse, anthu atauzungulira akulankhula motsitsa mawu, mtima unandigunda. Ndinapita kwa mlonda kukafunsa kuti watisiya ndani. Anandiuza kuti palibe wamwalira, awa ali patchuthi.

Muone mmene amafikira. Galimoto ikaima, bambo amayamba wazungulira malo amene apatsidwa, kuyang'ana kumene dzuwa litulukire ndi kumene madzi angayenderere mvula ikagwa. Kenako amatulutsa hamala ya mphira ndi thumba la zikhomo. Ana agwira mapolo, mayi akutambasula chinsalu, bambo akukhoma chikhomo chilichonse mochipendeketsa, kukunga chingwe, kuchiyesa ndi chala, kubwereranso kukakhwimitsa cha mbali ina. Amakangana pang'ono, amaseka, thukuta lili kamukamu. Ena amabwera atakoka kalavani, ndipo akaitsegula mumatuluka zonse: mbaula ya gasi, firiji, matebulo opinda, mipando, kapeti woyala pakapinga, nyali zoyendera dzuwa, ngakhale poyanika zovala. Apa ndi pamene mutu wanga umaima. Ngati nyumba yawatopetsa, aisenzeranji yonse kubwera nayo kuno? Ngati sinawatopetse, aisiyiranji? Ndimawamvetsako anyamata ndi atsikana aja amabwera ndi katenti kolowamo chokwawa, ketulo ndi bulangete basi. Iwowo zikuoneka kuti chilipodi chimene akuthawa.

Funsoli ndinapita nalo kwa malume anga, mtchona wa kalekale kuno. Iwo anabwera pa Wenela ali mnyamata, isanachitike ngozi ya ndege ija ya ku Francistown pa 4 Epulo 1974, imene inapha Amalawi oposa 70 akuchokera kumigodi, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu a ku Joni. Anzawo ambiri anabwerera kumudzi, iwo anatsala, ndipo atachoka kumigodi ya golide anadzathera kuno kumigodi ya pulatinamu. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Mphwanga, anthu amenewo sadzagula pogona. Amadzagula bata."

"Bata amagulitsanso, malume?"

"Kuno ku Joni chilichonse chosowa chili ndi mtengo."

Sindinawamvetse msanga. Kwathu pamudzi pakangoti zii dzuwa lili pamutu, umadziwa kuti pali cholakwika, chifukwa mudzi wamoyo umamveka mtondo, wailesi, ana ndi mbuzi. Koma pano bata ndi lamulo lolembedwa pachikwangwani. Ikakwana 10 koloko usiku nyimbo zonse zizime, galimoto zisayendeyende, ndipo wosokosa mlonda amakamuchenjeza. Munthu walipira ndalama zake, koma akuvomera kuuzidwa nthawi yotseka pakamwa, ndipo mnzake akaphwanya lamulolo woyamba kudandaula amakhala iye. Sikuti masiku onse ndi a bata. Pa Khisimisi ndi pa Pasaka maboti a injini amang'amba madzi kuyambira m'mawa, akukoka achinyamata pazingwe, pakapinga n'kusowa popondapo. Koma mudzabwere pakati pa sabata, kapena mu Juni chisanu chitagwa.

Ine ndimayamba ntchito kusanache kwenikweni. Nkhungu imakhala itagona pamadzi, nkhanga zikutsika m'tchire kudzatola nyenyeswa, phulusa la dzulo likadali lofunda pansi ndikalowetsa fosholo. Kenako nkhwazi imalira kutsidya, kulira komwe kuja kwa ku Nkhotakota, ndipo umamva zipi ya tenti ikutseguka. Mayi wina akutuluka atafunda bulangete, kukhala pampando n'kumangoyang'ana madzi, khofi akuzizira m'manja. Sakudikira basi, sakudikira munthu. Ine ndinali ndisanaonepo munthu wamkulu atangokhala, wosadwala, wosalira, wopanda chimene akusenda, kusoka kapena kutonongola. Ndipo nanenso bata limenelo limandilowa m'thupi ngakhale ndili ndi wilibala m'manja. Mapewa amatsika okha, mpweya umafika pansi pamimba. Ndiye kuti chimene akugulachi n'chenicheni, si chinyengo. Funso langa linangosintha: ngati bata ndi labwino chotere m'thupi la munthu, kodi ndi thupi liti limene silikulifuna?

Damuli analimanga mu 1935, kutseka mtsinje wa Sterkstroom pamene ukutsika m'mapiri a Magaliesberg kupita kukathira mumtsinje wa Crocodile. Alendo amalitcha lalikulu. Ine ndimangovomera mwaulemu, poti nyanja yathu ndi yotalika makilomita oposa 500 ndipo mwera ukauka ngakhale sitima ya Ilala imadziwa kuti yakumana nazo, pamene pano tsidya linalo umaliona ndi mitengo yake yomwe. Koma kukula kwake ndilibe nako mawu. Chondidabwitsa n'chakuti pagombe pano palibe mayi wochapa, palibe mwana wotsuka mbale kapena kutunga madzi, palibe thandala la usipa, palibe ukonde woyanika, usiku palibe nyali za asodzi. Madzi onsewa ntchito yake n'chiyani, kungowayang'ana? Malume anati ntchito yake ili kumunsi, amatuluka kukathirira minda, makamaka ya malalanje, ndipo damu analimangira zimenezo, zosambira ndi zamatentizi zinabwera pambuyo. Chabwino. Nanga bwanji kumene ndimagona ine, mtunda wosakwana makilomita 20 kuchokera pamadzi amenewa, amayi amafola ndi zigubu pampopi umodzi, ndipo mpopiwo ukauma amadikira galimoto ya thanki? Madzi anadziwa bwanji njira ya kumalalanje osadziwa njira ya kwa anthu?

Za nsomba ndiye zinandizunguza mutu. Ndinaima pafupi ndi bambo wina amene anali ndi mbedza kuyambira mbandakucha. Nyambo yake sinali nyongolotsi koma kansomba ka pulasitiki, ndipo ankangoponya n'kukoka, kuponya n'kukoka. Dzuwa litakwera, ndodo inapindika. Analimbana nayo mpaka anaifikitsa m'mphepete, nsomba yonenepa, yakukamwa kwakukulu, imene amaitcha bass, mtundu wochokera ku America. Ananyowetsa manja asanaigwire, anachotsa mbedza ndi kapulayala mosamala, mwana wake anajambula pafoni. Kenako bambo uja anagwada n'kuiika m'madzi, ataigwira kumimba mpaka inayamba kugwedeza mchira, n'kupita. Mawu anandituluka okha pakamwa. Ndiwo ya banja lonse! Nditamufunsa, anandiyankha kuti akufuna mdzukulu wake adzaipezenso. M'damu muno mulinso milamba ikuluikulu ndi nsomba ina ya mtundu wa chambo imene iwo amati kurper, ndipo ambiri amazibweza chimodzimodzi.

Ndaliganizira yankho lakelo, ndipo si lachilendo kwenikweni. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, mfumu Makanjira imatseka usodzi nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, mwambo umene unayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo utaka kumeneko ukadalipo pamene magombe ena tinakokolola ndi mamosikito neti. Kusungira mdzukulu tikukudziwa. Chimene ndikufunsa n'chakuti, bambo uja akanaibweza nsomba ija mufiriji mwake mukanakhala mulibe nyama? Ndipo mnyamata wa kumikhukhu akabwera ndi kambedza kake kudzafuna ndiwo ya lero, mpanda n'kumubweza, nsomba imeneyo tikusungira mdzukulu wa yani?

Palinso china chimene ndimachiona mosirira. Pano amaphika ndi azibambo. Bambo amayatsa moto yekha, amatembenuza nyama yekha, amakhala maola atatu pambali pa mphika wachitsulo wa miyendo itatu, ndipo akatha kudya umamuona akupita kosukira mbale ndi beseni m'manja. Tsiku lonse ali ndi mwana wake, akumuphunzitsa kumanga mfundo ya mbedza, kupalasa njinga, kuzimitsa moto ndi mchenga. Apusi akatsika mumtengo kudzaba buledi amawathamangitsa awiri, akuseka. Kodi zimenezi amachitanso kunyumba, kapena zimatheka pano pokha chifukwa palibe ofesi yothawirako? Bambo anga usiku ankakhala panyanja, masana akusoka ukonde kapena ali mtulo, ndipo sindikumbuka tsiku limene tinakhala awiri popanda ntchito pakati pathu. Kumigodi kuno kuli amuna zikwizikwi ochokera ku Eastern Cape, ku Lesotho ndi ku Mozambique amene ana awo amawaona mu Disembala mokha. Wanga ndimamuona pa WhatsApp, ndipo mano ake oyamba anaguluka ine kulibe.

Usiku ukayang'ana kummwera umaona mdima wa phiri. Mapiri a Magaliesberg dzina lake linachokera kwa Mogale, mfumu ya a Bapo, ndipo miyala yake ndi ya zaka zoposa mabiliyoni awiri. Miimba imamanga zisa m'maphompho ake, ndipo mu 2015 bungwe la UNESCO linaika dera lonseli m'kaundula wa malo achilengedwe oyenera kutetezedwa. Koma ukakwera pang'ono pamtunda n'kutembenukira kumpoto, thambo ndi lofiira ndi magetsi a migodi ya pulatinamu ndi ya chrome. Dziko la South Africa limatulutsa pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse a pulatinamu wa padziko lonse, ndipo wambiri amachokera m'dera lomweli, kuyambira cha ku Brits mpaka kupitirira Rustenburg. Malume anandiuza kuti mwala umenewu ntchito yake yaikulu ndi kulowa m'kachipangizo ka ku paipi ya utsi wa galimoto, koyeretsa utsiwo. Ndiye kuti galimoto zimene zimabweretsa alendo athu kudzapuma mpweya wabwino zili ndi thukuta la munthu amene pa ola lomwelo ali pansi pa nthaka mamita oposa 1,000, atagwada m'matope, chiboolera chikumugwedeza mafupa. Iyeyo akatuluka, amakapuma kuti?

Kumene amakapumako ndimakudziwa, chifukwa nanenso ndikaweruka ndimakwera takisi kuwoloka N4 kupita kumene ndimachita lendi, mkhukhu wa malata pafupi ndi Marikana. Kumeneko bata kulibe usana ndi usiku. Malo omwera mowa amaliza nyimbo mpaka tambala, matakisi ayamba kuimba hutala kuitana a shifiti ya m'mawa, mathiraki a miyala akudutsa, fumbi lili kobo. Masana kumgodi wa pamtunda akaphulitsa, malata amanjenjemera. Mvula ikagwa sungamve mnzako akulankhula, mu Juni chisanu chimalowa paliponse pamene msomali unadutsa, mu Disembala m'katimo mumaotcha. Wa shifiti ya usiku ayenera kugona masana m'menemo.

Tsiku lina ndikuwola phulusa ndinayamba kuwerengera. Alendo athu amaphika panja, ifenso timaphika panja. Amapita kuchimbudzi usiku ndi tochi, ifenso. Amatunga madzi m'chigubu pampopi wa onse, ifenso. Khoma lawo ndi lopyapyala moti amamva woyandikana naye akutsokomola, lathunso. Nanga chinthu chimodzi chomwecho chimakhala bwanji chisangalalo kwa wina, chilango kwa wina? Malume anayankha osachedwa. "Kusiyana kwake ndi kiyi, mphwanga. Iwowo kiyi wa nyumba ali m'thumba. Lamlungu apasula, apita kwawo. Iwe udzapasula liti?"

Sikuti nkhani ya nyumbayi inaiwalika. Kampani ya Lonmin, imene inkayendetsa mgodi wa Marikana, inalonjeza boma mu 2006 kuti pofika 2011 ikhala itamanga nyumba 5,500 za antchito ake. Inamanga zitatu. Zimenezi zinatuluka pakafukufuku wa komiti imene inkatsogoleredwa ndi woweruza Ian Farlam. Amene sakhala m'mahositelo a kampani amapatsidwa kandalama ka lendi, ndipo munthu amene ali ndi banja kutali amachita zimene aliyense wa ife angachite, amapeza mkhukhu wotchipa, yotsalayo n'kutumiza kumudzi. Umu ndi mmene midzi ya malata ngati Nkaneng inakulira m'mphepete mwa mgodi.

Pafupi ndi Nkaneng pomwepo pali kaphiri ka miyala, ku Wonderkop. Mu Ogasiti 2012 antchito a mumgodi, patsogolo pali oboola miyala, anasonkhana pamenepo kunyanyala ntchito, akufuna malipiro a R12,500 pamwezi. Ena ankagona pomwepo, panja, ndi mabulangete, m'chisanu cha Ogasiti. Anthu 10 anafa m'masiku oyambirira, kuphatikizapo apolisi ndi alonda a kampani, ndipo pa 16 Ogasiti apolisi anawombera n'kupha antchito 34. Mgodiwo unagulidwa ndi Sibanye-Stillwater mu 2019, koma mikhukhu ikadalipo. Tsiku la kuwomberako linali Lachinayi. Ndikamatchetcha kapinga ndimadzifunsa, kodi pano panali anthu m'matenti? Mawa lake, Lachisanu, galimoto zokoka makalavani zinadutsa pa N4 monga mwa masiku onse? Sindikuwaimba mlandu alendo athu, iwo sanaombere munthu. Ndikungofunsa kuti malo awiri oyandikana chonchi amatha bwanji kukhala osamvana, phiri limodzi lomwelo likuwayang'ana onse.

Malume amati kale funso limeneli linali ndi yankho lolembedwa. Lamulo la 1913 linasiyira anthu akuda magawo pafupifupi 7 okha pa 100 a nthaka ya dziko lino, ndipo la 1953 linalekanitsa mitundu pamabenchi, pamagombe, m'mapaki ndi pamalo onse osangalalira. Nthawi yawoyo munthu wakuda ankalowa pageti ngati langali atasenza nkhuni basi. Lamulo lachiwirili linathetsedwa mu 1990, ndipo lero geti ndi lotsegukira aliyense wolipira. Ndimawaonadi mabanja akuda akukhoma matenti, ochokera ku Phokeng, ku Soweto, ena ku Gaborone, ndipo mtima wanga umakondwa. Koma woboola miyala wa ku Nkaneng sindimuona, ndipo Mmalawi amene ndimakumana naye pano amakhala atagwira chotchetchera, tsache kapena ali kumbuyo kwa bwana wake akutsitsa katundu. Usiku umodzi wa banja lonse umadya ndalama yoposa imene ine ndimapeza pa tsiku, osawerengera tenti ndi mafuta a galimoto. Ndiye kodi vuto ndi ndalama yokha?

Ndikufunsa chonchi chifukwa cha nkhani ziwiri zimene ndinamva kuno. Pafupi ndi damu lino pali malo aakulu opumulirako a bungwe la ATKV, okhala ndi maiwe osambira ndi malo a matenti. Ine ndinkayesa anayambitsa ndi anthu olemera. Koma bungweli linayamba mu 1930 ku Cape Town, ndipo analiyambitsa ndi antchito a njanji olankhula Chiafrikaans. Mu 1936 anagula famu ya Hartenbos m'mphepete mwa nyanja yamchere kuti antchito a njanji azikapumulirako ndi mabanja awo pamtengo umene angaukwanitse. Boma la nthawi imeneyo linali mbali yawo, zimenezo n'zoona, ndipo munthu wakuda sankaloledwa. Komabe panali anthu amene anakhala pansi n'kugwirizana kuti wantchito ayenera kupuma, ndipo anasonkha. Nkhani inayo ndi ya a Bafokeng a ku Phokeng. Mfumu yawo Mokgatle inatumiza anyamata kumigodi ya diamondi ku Kimberley, iwo n'kusonkha malipiro awo kugula minda, imene inalembedwa m'maina a amishoni poti munthu wakuda sankaloledwa kulembetsa malo. Pansi pa minda imeneyo ndi pamene panadzapezeka pulatinamu, ndipo bwalo lawo la masewero linachititsa nawo mpikisano wa mpira wa dziko lonse mu 2010. Nanga mabungwe a antchito a m'migodi, NUM ndi AMCU, amene ali ndi mamembala zikwizikwi osonkha mwezi ndi mwezi, sangagule kagombe kamodzi kuti woboola miyala adzagone usiku umodzi popanda hutala ya takisi?

Nanga ifeyo Amalawi? Lamulo la ntchito la dziko lino, la 1997, limapatsa wantchito masiku 21 otsatizana a tchuthi cholipidwa pachaka, ndi maola 36 otsatizana opuma pa sabata. Ambiri a ife, a maganyu ndi osowa mapepala, masiku amenewo sitiwaona. Koma ngakhale amene amawapeza amawathera bwanji? Pabasi kuchokera ku Park Station, mzere wa pa Beitbridge, Nyamapanda, mlatho wa Tete, Mwanza, miyendo itatupa, katundu wa abale ali pamwamba. Kufika kumudzi kuli kuumba njerwa, kuweruza milandu ya pabanja, kupepesa maliro onse amene anachitika iwe kulibe. Umabwerera kuntchito utatopa kuposa mmene unachokera. Ine ndinakulira pagombe la nyanja imene azungu amaolokera nyanja zamchere kudzaiona. Ndinkawaona m'zimagalimoto zawo zazikulu akupita kukakhoma matenti ku Senga Bay, ku Kande, ku Chitimba ndi ku Cape Maclear, koma sindinaganizepo kuti nanenso ndingagone pamchenga umenewo popanda ukonde woulondera. Ndani anatiuza kuti zimenezo si zathu?

Malume sagwirizana nane pamenepa. Amati tinabwera kudzagwira ntchito, osati kudzaonera madzi, ndipo ndalama ya tenti ndi thumba la feteleza kumudzi. Amanena zoona, fetelezayo ndimatumiza ndine ndipo mtengo wake ndimaudziwa. Koma ndinawafunsa, "Malume, zaka zonsezi muli kuno, munapumapo liti?" Anakhala chete nthawi yaitali, akusisita mawondo. Kenako anati, "Muja anandigoneka m'chipatala ndi chifuwa." Zaka zoposa 50 ali m'dziko lino, zambiri mwa izo m'mphepete mwa phiri lomweli, koma damu la Buffelspoort amangolimvera kwa ine.

Kusonkha ife timakudziwa bwino. Tili ndi gulu lathu la Amalawi kuno limene limakumana mwezi ndi mwezi, lili ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma, ndipo mnzathu akatisiya sipadutsa masiku ambiri ndalama ya bokosi, mapepala ndi galimoto yokatula thupi kumudzi yakwana. Palibe amene amati ndalama imeneyo ndi yowononga, ndipo nanenso ndimapereka ndi mtima wonse. Koma n'chifukwa chiyani timatha kusonkhera munthu ulendo atafa, osatha kumusonkhera masiku awiri ali moyo? Tenti timaikhoma pamodzi, moto timausonkha pamodzi, kuchezera usiku wonse timatha, nsima ya anthu makumi asanu amayi athu amaphika osatekeseka. Zonse zimene alendo anga amachita ife tinazidziwa kale. Timangodikira kuti wina afe kaye.

Inu a gulu lathu, abambo ndi amayi, pamsonkhano ukubwerawu ndidzaimika dzanja. Ndidzapempha kuti pambali pa thumba la maliro pakhale kathumba kena, kochepa, koti kamodzi pachaka tibwereke matenti ndi takisi imodzi, titenge ana amene ali kuno ndi madala athu otopa ndi migodi, tikagone masiku awiri m'mphepete mwa madzi. Mwezi wa Seputembala ndi wabwino, chisanu chimakhala chitatha, mvula isanayambe, ndipo tikapewa tchuthi cha sukulu mitengo imatsika. Ufa tidzanyamula wathu, nkhuni ndidzamanga ndine. Amene mukuona kuti n'zosayenera, mudzandiuze chifukwa chake pamaso pa anthu, ndidzamvetsera. Koma musadzangoti si chikhalidwe chathu, mudzandiuzenso kuti malume anga akapumire kuti.